Chikuto cha buku chikamapindika, kusupuka kapena kung'aluka pamsana: mmene mungapezere gwero lake kuno ku Mangochi

Mabuku amachoka kosindikiza ali osalala bwino. Pakangotha sabata ziwiri ali pashelefu ku Mangochi boma, ku Monkey Bay kapena ku Malindi, chikuto chimayamba kudzuka chokha n'kupiringizika ngati usipa wouma pathandala. Ena pulasitiki wapamwamba amasupuka m'ngodya, ena pamsana pamaoneka mzere woyera ngati mwakandapo ndi mpeni. Mwinibuku amati wosindikiza wagwiritsa ntchito pepala lotchipa, wosindikiza amati mabukuwo sanasungidwe bwino. Nthawi zambiri onse awiri amakhala kuti sanalunjike. Chilema chilichonse cha chikuto chimaonetsa chokha kumene chachokera, bola mudziwe poyang'ana.

Kupindika

Ili ndiye vuto lalikulu kuno kunyanja, ndipo tikhalitsapo. Pepala limamwa chinyezi cha mumpweya n'kufufuma pang'ono. Pulasitiki amene amamatidwa pachikuto polamineta samwa madzi, choncho safufuma. Mbali imodzi ikamakula ina ili chiimire, chikuto sichingachitire mwina koma kupindikira kumene kuli pulasitiki, ndiko kuti kunja. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene mvula ikugwa ndipo mpweya wochoka panyanja, mu Shire ndi ku Malombe uli wonyowa, mabuku osindikizidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe nyengo youma amaonetsa khalidwe limeneli akangofika.

Musanadandaule kwa aliyense, goneketsani buku patebulo muone mmene lapindikira. Ngati mbali yotsegulira ndi imene yadzuka yonse, mofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, ulusi wa pepala wayenda bwino ndipo vuto ndi chinyezi kapena pulasitiki wokokedwa kwambiri. Koma ngati zimene zadzuka ndi ngodya zapamwamba ndi zapansi, kapena pafupi ndi msana pachita makwinya ngati mafunde, pepalalo linadulidwa mopingasa ulusi wake. Chilema chachiwirichi sichichira, ngakhale mutatsamiritsa njerwa mwezi wathunthu.

Ulusi umene tikunenawu osindikiza amautchula kuti grain. Popanga pepala, timaulusi ta mtengo timagona choloza mbali imodzi, ndipo pepala limapindika mosavuta motsatira mbali imeneyo. Lamulo lake ndi limodzi: ulusi uyende molingana ndi msana wa buku, kuchokera kumutu kupita kumiyendo, pachikuto ndi pamasamba amkati momwe. Kuuyesa sikufuna chipangizo. Weramitsani pepala mbali ina, kenaka mbali inayo, osalipinda. Kumene likugonja msanga ndi kumene ulusi wayendera. Mukakayika, dulani kachidutswa ka masentimita 5 mbali zonse, kanyowetseni mbali imodzi, kadzapindika ngati kachubu, ndipo kutalika kwa kachubuko ndiko njira ya ulusi.

Pamakina a digito ambiri amasindikiza zikuto papepala la SRA3, lomwe ndi mamilimita 320 kwa 450. Buku la A5 ndi 148 kwa 210, ndiye ngati msana wake si waukulu, zikuto ziwiri zimakwana papepala limodzi ndipo msana umagona motsatira mbali yaitali ija ya 450. Apo pakufunika pepala la long grain, la ulusi wotsata mbali yaitali. Buku la A4, la 210 kwa 297, chikuto chake chimadzaza pepala lonse ndipo msana umagona motsatira mbali yaifupi, choncho pakufunika short grain, la ulusi wotsata mbali yaifupi. Wosindikiza amene ali ndi mtundu umodzi wokha m'sitolo mwake amaugwiritsa ntchito pa zonse ziwiri, ndipo theka la ntchito zake limatuluka lopingasa. Funsani funsoli musanapereke ndalama yoyamba.

Ngati ulusi uli bwino, funso lotsatira n'lakuti chikutocho chinayamba liti kupindika. Chikatuluka m'makina olaminetera chili chopindika kale, ndiye kuti mpukutu wa pulasitiki unamangidwa kwambiri kapena moto unachuluka. Pulasitiki wokokedwa ali wotentha amabwerera akazizira n'kukoka pepala. Masulani buleki ya mpukutuwo pang'onopang'ono mpaka makwinya atatsala pang'ono kuyamba, ndipo imani pomwepo. Chikayamba kupindika patapita masiku, chimenecho ndi chinyezi.

Chinyezi simungachithamangitse ku Mangochi, koma mungachichepetse mphamvu. Choyamba ndi kulemera kwa pepala, komwe amayeza ndi gsm, kutanthauza magalamu a pepala lalikulu mita imodzi mbali zonse. Pepala wamba la fotokope ndi 80 gsm. Chikuto cha buku lomata ndi guluu chikhale 250 mpaka 300 gsm, ndipo kwa mabuku okhala kunyanja ndi bwino kungopita pa 300. Pepala la 170 kapena 200 gsm lolaminetedwa mbali imodzi lilibe mphamvu yolimbana ndi pulasitiki, limapindika ndithu. Komanso musaganize kuti kupita pa 400 ndiye nzeru: buku laling'ono la A5 silitseguka bwino ndipo msana umang'aluka.

Chachiwiri, pepala lizolowere chipinda chimene lisindikizidwiremo. Lisiyeni m'paketi mwake maola 24 mpaka 48 musanatsegule, ndipo lotsala likulungeninso. Lisakhale pansi pasimenti, lisatsamire khoma. Thabwa kapena paleti pansi n'zokwanira. Mabuku akatha kudulidwa, apanikizeni usiku wonse, kenaka muwamange khumikhumi m'pulasitiki. Tsegulani mtolo umodzi wokha umene mukugulitsa.

Pali pulasitiki wa nayiloni amene amatchedwa lay-flat. Iye amamwako chinyezi, ndiye amafufuma limodzi ndi pepala ndipo chikuto chimagona. Ndi wodula kuposa pulasitiki wamba wotchedwa BOPP ndipo sapezeka paliponse, koma pa buku logulitsa m'mashopu a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, mtengo wake umabwerera. Timabuku tomanga ndi mawaya tingathe kulaminetedwa mbali zonse ziwiri kuti kukokana kufanane. Pa buku lomata ndi guluu musayerekeze kutero, chifukwa guluu sagwira papulasitiki.

Pulasitiki kusupuka kapena kuchita timadontho toyera

Tengani lezala, dulani X pamalo a mtundu wakuda kwambiri pachikuto chimodzi, matanipo selotepi, isisiteni ndi chala, kenaka izuleni mwamphamvu kamodzi. Zimene zatsalira paselotepi ndizo zikuuzeni nkhani yonse. Pulasitiki akachoka yekha n'kusiya chithunzi chili bwinobwino, sanagwire: moto unachepa, makina anathamanga, kapena pulasitikiyo si wa mtundu wa inki imeneyo. Akachoka pamodzi ndi mtundu n'kusiya pepala loyera losalala, vuto lili kupulinta: tona, inki yaufa ya pulinta ija, sinapse mokwanira. Izi zimachitika wina akaika pepala la 300 gsm koma pulinta akuiuza kuti ndi pepala wamba. Imathamanga ndipo tona imangokhala pamwamba. Sankhani kulemera koyenera pamakinawo. Ngati pepala lenilenilo ndi limene lang'ambika n'kutsatira pulasitiki, ntchito inagwirika bwino, palibe chokonza.

Mapulasitiki ambiri omata ndi moto amafuna madigiri a pakati pa 100 ndi 120, koma tsatirani zolembedwa pampukutu wanu. Pepala lokhuthala limaba moto wa marola, choncho lichepetsereni liwiro m'malo mongowonjezera moto. Magetsi akathima n'kuyakanso, kapena mukamayendera jenereta yaing'ono, musakhulupirire nyale yosonyeza kuti makina atentha; dikirani, yesani pa zikuto ziwiri zotaya. Zikuto zimene zimasupuka pakati pa mtolo wabwino nthawi zambiri zimakhala zomwe zinalowa magetsi atangobwera.

Tona ili ndi phula kapena mafuta amene pulasitiki wamba sagwirapo bwino, makamaka pamitundu yodera. Pali pulasitiki wopangidwira ntchito za digito, wa zomatira zamphamvu, ndipo ndi amene muyenera kufunsa. Zosindikiza pamakina akuluakulu a inki otchedwa offset nazo zimafuna kuti inki iume maola osachepera 24, ndipo ngati chikuto chili ndi mtundu wakuda kapena wabuluu ponseponse, masiku awiri, makamaka nthawi ya dzinja. Timadontho tooneka ngati siliva pamalo akuda ndi mpweya wotsekeredwa: marola sanapanikize mokwanira, moto unachepa, kapena panali fumbi. M'miyezi ya mwera fumbi limalowa paliponse, ndiye pukutani zikuto ndi nsalu youma musanaziike. Mukatha kulamineta musathamangire kudula. Zizizire kaye, ngati nthawi ilipo zigone. Mpeni wobuntha wa makina odulira umatafuna m'mphepete, ndipo pamene patafunidwa ndi pamene kusupuka kumayambira.

Mawu amodzi okhudza makina aang'ono olaminetera masatifiketi, amene ali pafupifupi m'shopu iliyonse ya fotokope. Timatumba take ndi tokhuthala mamaikuloni 80 mpaka 125 mbali iliyonse (mamaikuloni 1000 ndi milimita imodzi), pomwe pulasitiki wa zikuto ndi wa 25 mpaka 30 basi. Mphamvu ya kathumba ili m'mphepete mwake momatana, ndiye mukadula mphepetezo kuti chikuto chifanane ndi masamba, mwatsegulira madzi khomo. Sikapindikanso pamsana. N'koyenera pa ndandanda wa zakudya m'lesitilanti, kapena pa buku lomanga ndi sipiringi, koma osati pa chikuto chozungulira msana.

Mzere woyera pamsana

Pepala lililonse lopitirira 170 gsm liyenera kupsinjidwa mzere lisanapindidwe. Osindikiza amati scoring kapena creasing. Mzerewo si wodula ayi, ndi ngalande yopsinja ndi chitsulo chobuntha, ndipo umapsinjidwa mutalamineta kale. Chitsulo chimenye kunja kwa chikuto kuti kamtumbira kotulukako kagwere mkati mwa mpindo. Ambiri amachita mosemphanitsa chifukwa diso limawauza kuti apindire m'ngalandemo, ndipo pepala limang'aluka.

Buku lomata limafuna mizere inayi: iwiri m'mbali mwa msana, ndi iwiri ina mamilimita 5 mpaka 7 kuchokera pamenepo, kutsogolo ndi kumbuyo. Iwiri yomalizayi ndiyo mahinjesi a buku. Popanda iyo, wowerenga akatsegula amakoka guluu mwachindunji ndipo tsamba loyamba limayamba kuchoka.

Mu Seputembala ndi Okutobala pepala limauma gwa ndipo limang'aluka msanga kuposa m'dzinja, ndiye musadabwe kuona kuti pepala lomwelo limene linapindika bwino mu Febuluwale likuvuta. Ulusi wopingasa umawonjezera vutoli. Wokonza chithunzi cha chikuto angathandizenso: mtundu wakuda pamsana umaonetsa kamng'alu kalikonse, ndipo mtundu wa msana ukasiyana ndi wa kutsogolo, kuphonya kwa milimita imodzi kumaonekera patali. Lolani mtundu umodzi uzungulire.

Kukula kwa msana kuwerengeni motere. Gawani nambala ya mapeji ndi 2 kuti mupeze mapepala, kenaka chulukitsani ndi kukhuthala kwa pepala limodzi. La 80 gsm ndi pafupifupi 0.1 mm, choncho buku la mapeji 160 lili ndi mapepala 80 ndipo msana wake ndi 8 mm, kuwonjezapo theka la milimita la chikuto ndi guluu. Mapepala a makampani osiyana amasiyana kukhuthala ngakhale gsm ili imodzi, ndiye njira yosanama ndi kupanikiza mapepala enieniwo n'kuyeza. Msana wosakwana 5 mm musalembepo mawu. Chithunzi chipitirire 3 mm kunja kwa modulira mbali zonse, ndipo mawu akhale mamilimita osachepera 5 mkati.

Kwa okonza mabuku a kumadrasa a zilembo za Chiarabu, kumbukirani kuti buku limatsegukira kumanja. Chikuto chikayalidwa pakompyuta, kutsogolo kumakhala kumanzere ndipo kumbuyo kumanja, mosiyana ndi la Chichewa kapena Chiyao cha zilembo zathuzi. Womanga mabuku amene sawerenga Chiarabu muuzeni pamaso ndi kumupatsa chitsanzo chopinda kale.

Chikuto kuchoka, masamba kuthothoka

Apa mdani ndi kutentha. Guluu wosungunula ndi moto amene makina ambiri amagwiritsa ntchito, wotchedwa EVA, amafewanso akatenthedwa. Katoni ya mabuku ikayenda padenga la minibasi masana a Okutobala kuchokera ku Liwonde, kapena ikatsala m'galimoto yotseka mawindo, masamba amatsetsereka ndipo guluu akazizira amauma buku litakhota kale. Tumizani m'mawa kapena madzulo, ndipo musasunge mabuku pafupi ndi malata. Guluu wa PUR safewa choncho ndipo amagwira bwino papepala lonyezimira, koma amafuna maola 24 kuti akhwime ndipo si osindikiza onse ali ndi makina ake. Mabuku otsegulidwa tsiku ndi tsiku, monga a nyimbo zakwaya ndi a mapemphero, ndi bwino asokedwe ndi ulusi kenaka n'kumata chikuto.

Ng'ambani buku limodzi lolephera muone msana wake. Ngati m'mphepete mwa masamba muli mosalala ngati modula ndi mpeni, msanawo sunakandidwe kuti guluu alowe. Ngati guluu watsalira kumasamba ndipo mkati mwa chikuto muli mwaukhondo, ndiye kuti pamenepo panali inki kapena pepala loterera. Mkati mwa chikuto, pamsana ndi mamilimita 3 mpaka 5 mbali zonse, pasasindikizidwe kanthu. Ichi ndi chifukwa chake pepala losalala mbali imodzi yokha, lotchedwa C1S, limaposa art board wosalala mbali zonse pa mabuku omata. Mbali yokhakhalayo imagwira guluu, ndiponso imalandira chidindo cha sukulu ndi bolopeni popanda kufufutika.

Omanga pamanja ndi guluu woyera wa matabwa apake mopyapyala, chifukwa guluuyo ndi wamadzi ndipo akachuluka chikuto chimachita makwinya. Ikani kapulasitiki pakati pa chikuto ndi tsamba loyamba, panikizani usiku wonse. Phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu limamata ndithu, koma mwaphikira mphemvu ndi njenjete.

Timabuku ta mawaya tili ndi vuto lake: dzimbiri. Nyanja yathu si yamchere, koma chinyezi chokha chimakwanira kudyetsa waya wamba mpaka kusiya mawanga ofiira pakati pa buku, kenaka chikuto n'kuchoka. Funsani mawaya osachita dzimbiri, kapena sokani ndi ulusi pamabowo atatu. Mapeji ake akhale ogawika ndi 4, ndipo akapitirira 60 kabukuko sikatsekeka bwino.

Gloss kapena matte

Matte, wosanyezimira uja, amaoneka waulemu ndipo ambiri amamukonda akamuona koyamba. Koma amakandika msanga, ndipo pamtundu wakuda chala chilichonse cha mafuta a mandasi kapena a kanyenya chimatsalira. Mabuku amakandana okhaokha m'katoni pamsewu wa mabampu wopita ku Makanjira asanafike n'komwe kwa wowerenga. Kwa mabuku a ana asukulu, a kumadrasa, a kwaya, a makomiti a asodzi ndi a zaumoyo oyenda m'midzi, sankhani gloss, pulasitiki wonyezimira uja. Amapukutika ndi kansalu konyowa ndipo amabisa zokandika. Matte musungireni buku la ndakatulo kapena lipoti lokhala muofesi, ndipo ngati chikutocho n'chodera, funsani matte wosakandika, kapena muike kapepala pakati pa mabuku popakira. Vanishi wa UV yekha ndi wotchipa ndipo sakoka pepala ngati pulasitiki, koma amang'aluka pampindo ndipo sateteza chikuto kuti chisang'ambike.

Mitundu kusintha

Ngati mtundu unasiyana tsiku lomwelo, vuto ndi fayilo. Kompyuta ndi foni zimaonetsa mitundu ndi kuwala, RGB, pomwe makina amasakaniza inki zinayi, CMYK (C ndi cyan wabuluu, M ndi magenta wofiirira, Y ndi chikasu, K ndi wakuda), ndipo mitundu ina yowala satha kuitulutsa. Chodandaulitsa chofala kuno ndi buluu wa nyanja amene amatuluka wapepo. Magenta ikayandikira cyan, buluu amapita ku pepo; siyanitsani ziwirizi ndi 30 kapena kuposa, monga cyan 100 ndi magenta 60 kapena 70. Malo aakulu akuda asakhale K100 yokha, ndiko kuti inki yakuda yokha ya 100 peresenti, imaoneka yotuwa. C40 M30 Y30 K100 imada bwino. Inki zonse pamodzi zisapitirire 300 peresenti, apo ayi siziuma ndipo pulasitiki sagwira. Zithunzi zikhale 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) pa kukula kwake kwenikweni, ndipo musazitumize ngati chithunzi wamba pa WhatsApp chifukwa zimafinyidwa. Tumizani ngati document. Gloss amadetsa ndi kuwalitsa mitundu, matte amaiziziritsa, choncho chitsanzo chimene mukuvomereza chikhale cholamineta kale.

Ngati mtundu wasintha patapita miyezi, limenelo ndi dzuwa. Chikasu ndi zofiira zimayamba kuthawa, n'chifukwa chake mabuku oyalidwa pakhonde la shopu amatsala abuluu okhaokha. Pulasitiki wamba satchinga zimenezi. Yalani buku limodzi lachionetsero, ena akhale m'katoni. Zikuto za pulinta ya inki yamadzi zimafwifwa msanga koposa, ndipo madzi akalowa m'mphepete mtundu umayenderera pansi pa pulasitiki.

Musanalamule mabuku mazana

Pemphani mabuku awiri omalizidwa, pa pepala ndi pulasitiki zenizeni zimene zidzagwiritsidwe ntchito. Limodzi ligoneke mausiku awiri pathabwa lodutsa pamwamba pa beseni la madzi, mutavundikira ndi beseni lina, osakhudza madziwo. Linalo liikeni padzuwa masana onse, kenaka likadali lofunda mulitsegule pakati n'kukoka tsamba limodzi. Pindani chikuto chake pahinjesi maulendo 50, yesani selotepi ija. Chikuto kudzuka pang'ono pambuyo pa beseni n'kwachibadwa ndipo chimabwerera chikauma. Chimene chapiringizika mpaka kuonetsa tsamba loyamba lonse musachivomere. Pa pepala la mgwirizano palembedwe gsm, C1S kapena art board, ulusi wotsata msana, mtundu wa pulasitiki, mizere inayi ndi mtundu wa guluu, ndipo buku limodzi lovomerezekalo nonse awiri musainepo.

Kwa mabuku amene awonongeka kale, opindika ndi chinyezi okha ndi amene amawongoka: asanjikeni mosinthanitsa misana, ikani thabwa ndi cholemera pamwamba m'chipinda chouma kwa sabata, kenaka amangeni m'pulasitiki. Osupuka ndi a ulusi wopingasa amafunika chikuto chatsopano. Womanga amasenda chakalecho, kumata china n'kudulanso mbali zitatu, ndipo buku limachepa ndi mamilimita 2 kapena 3, choncho yang'anani kaye ngati manambala a mapeji sali pafupi kwambiri ndi mphepete.